Makobidi Athu ndi Chipala Chimene Anachokerako

Chaka chatha, m'nyengo yopalira chimanga, ana a Sitandade 6 anali kugwira ntchito m'munda wa sukulu yathu kuno ku Kasinje, ndipo khasu la mnyamata wina linafukula kanthu kozungulira, kakuda bii, kobooka pakati. Anzake anati ndi kachitsulo kogwa ku njinga, ena anati ndi mankhwala amene munthu anakwirira kuti chimanga chathu chithawire m'munda mwake, kotero kuti mwini kutola anachita mantha nabwera nako kwa ine atakanyamula pa tsamba. Nditakatsuka ndi ndimu ndi phulusa, panaoneka njovu ziwiri zoimirira ndi miyendo yakumbuyo, chisoti chachifumu pamwamba pa chiboo, ndipo kuseri kwake kunali dzina lakuti Rhodesia and Nyasaland ndi chaka cha 1957. Linali kobidi la m'masiku a Chitaganya.

Ndinafunsa anawo ngati alipo amene anaonapo ndalama yobooka, ndipo onse anaseka. Pamenepo sindinadabwe, pakuti ngakhale ine mphunzitsi wawo sindinagulepo nayo kanthu. Koma nditatulutsa m'kabati matambala aja ife tinkagulira zitumbuwa ndi nzimbe tili ana, iwo anawayang'ana monga momwe anayang'anira kobidi lija. Masamu a kwacha ndi tambala amawadziwa pa bolodi, koma tambala yeniyeniyo anali asanaikhudzepo.

Ichi ndicho chandichititsa kulemba nkhani ino. Ndacheza ndi akuluakulu a m'midzi yozungulira sukulu yathu, ndawerenga zolembedwa, ndiponso ndasonkhanitsa makobidi m'chitini cha mkaka. Ena anandisiyira agogo anga aakazi, ena ndinachita kupempha. Pochita izi ndaona kuti pa ndalama yachitsulo pali zinthu ziwiri zimene zimasintha, ndipo chilichonse chili ndi chochisinthitsa chake. Chithunzi chimasintha pamene wolamulira wasintha. Chitsulo chimasintha pamene mitengo ya zinthu yakwera. Owerenga asunge ziwirizi m'mutu pamene tikuyenda m'nkhaniyi.

Ndalama Zisanafike

Makolo athu sanali kudziwa ndalama, koma malonda anali kuwadziwa bwino lomwe. Wofuna khasu ankapita kwa wosula atanyamula nkhuku kapena dengu la mapira, ndipo wofuna mchere ankasinthanitsa ndi chimene anali nacho. Amalonda ochokera ku nyanja yamchere atayamba kufika, nsalu ndi mikanda zinakhala ngati ndalama, kotero kuti ngakhale Azungu oyamba, amishoni ndi a African Lakes Company, ankalipira antchito awo ndi mikwamba ya nsalu. Kwa Angoni a kuno kwathu chuma chenicheni chinali ng'ombe.

Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo pasanapite zaka zambiri Boma la Harry Johnston linaika msonkho wa masheleni atatu pa nyumba iliyonse. Ndinganene mosaopa kuti chimene chinaphunzitsa makolo athu kufunafuna ndalama si sitolo ayi, koma msonkho. Munthu wosowa masheleniwo ankanyamuka kukagwira ntchito m'minda ya Azungu ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Thyolo, ndipo pambuyo pake ambiri anafika ku Halale ndi ku Joni.

M'zaka zoyambazo munkayenda ndalama za mitundu iwiri: lupiya wa ku India ndi ndalama za ku Mangalande. Lupiya anatha msanga, koma dzina lake linatsala pakamwa pa nkhalamba. Mawu akuti kobidi anachokera ku Chipwitikizi, kumene mkuwa amautcha cobre. Ndipo dzina lakuti tiki, ndiyo ndalama ya makobidi atatu, linabwera ndi anthu obwerera ku Joni. Pa ndalama za ku Mangalande panali mutu wa Mfumukazi Victoria, kenaka wa Edward VII kuyambira mu 1902, kenakanso wa George V. Makolo athu mafumu amenewa sanawaonepo ndi maso, koma nkhope zawo ankazimanga pa mfundo ya nsalu ndi kuzikwirira m'mphika pansi pa nyumba.

Kumene Ndalama Zimasulidwa

Tsono tifunse: kodi ndalamazi zinkapangidwa kuti? Ana ambiri, ngakhale akulu ena, amayesa kuti ndalama zathu zimapangidwa m'chipinda cha pansi ku Reserve Bank ku Lilongwe. Si choncho ayi. Dziko la Malawi silinakhalepo ndi nyumba yakeyake yosulira ndalama. Banki yaikuluyo imawerengera ndalama zimene zikufunika, nigwirizana ndi Boma za chithunzi, ndipo imaitanitsa kuchokera ku zipala za maiko ena monga momwe mwini sitolo amaitanitsira katundu. Chipala chimene chinasula ndalama zambiri zimene zayenda m'dziko muno ndicho Royal Mint cha ku Mangalande. Chinakhala m'kati mwa linga la Tower of London zaka zoposa 500, kenaka chinasamukira pafupi pomwepo ku Tower Hill, ndipo mu December 1968 Mfumukazi Elizabeth II anatsegula nyumba zake zatsopano ku Llantrisant m'dziko la Wales. Ndalama yotsiriza ya ku Tower Hill inamenyedwa mu 1975.

Ndatchula chipala chifukwa ntchito yake ndi yomweyo ya osula makasu akale, kungoti mvukuto ndi nyundo zake ndi makina. Choyamba mmisiri amaumba chithunzi chachikulu ngati mbale ya nsima pa dothi loyera louma msanga. Makina ena amalondola chithunzicho nachichepetsa, n'kuchizokota pa chitsulo cholimba, ndipo kuchokera pamenepo amapanga zidindo ziwiri, china cha kumaso, china cha kumbuyo. Kwina anthu ena amasungunula zitsulo m'ng'anjo nazisakaniza mwa muyeso, nazipsinja pakati pa zigudumu mpaka zitapyapyala ngati lamba. M'menemo amadulamo timagawo tozungulira topanda chilembo chilichonse. Kagawo kalikonse kamalowa pakati pa zidindo ziwiri zija, ndipo kumenya kumodzi kokha kumasindikiza mbali zonse ziwiri. Makina a masiku ano amamenya mazana angapo pa mphindi imodzi. Timizere ta m'mphepete tija sanatiikire kukongoletsa: kale akuba ankapala siliva m'mphepete mwa ndalama, ndipo timizereto tinkaulula ndalama yopalidwa.

Chinthu china chofunika kuchimvetsa ndi ichi, kuti si chaka chilichonse chimene chili ndi ndalama yake. Maiko aakulu amasula chaka ndi chaka, koma dziko laling'ono limaitanitsa zambiri nthawi imodzi, nizisunga m'nkhokwe ya banki ndi kumatulutsa pang'onopang'ono monga mayi amatapira chimanga. Chifukwa chake munthu akandandalika makobidi athu potsata zaka zolembedwapo, amapeza mipata, ina ya chaka chimodzi, ina yaitali ndithu. Mipata imeneyi nayonso ili ndi nkhani yake, monga tidzaona.

Ndalama za Kummwera ndi za Chitaganya

Mu 1932 dziko la Southern Rhodesia linayamba kukhala ndi ndalama zakezake zasiliva, zosulidwa ku London, ndipo m'zaka zotsatira zinafalikira ku Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland. Pa tiki panali nsonga zitatu za mikondo, pa sikisipensi nkhwangwa ziwiri zopingasana, pa sheleni mbalame ya mwala ya ku Great Zimbabwe, ndipo pa ndalama ya masheleni awiri panali mphalapala. Mu 1934 kunabwera kobidi ndi theka la kobidi, zonse zobooka pakati. Nthawi yake ndi yomweyo imene njanji yopita ku Salima inadutsa m'chigwa chathu cha Bwanje, pakuti inatha mu 1935. Ndipo akuluakulu amanena kuti ogulitsa thonje ankabwerera kumudzi atatunga makobidi pa chingwe ngati mikanda, chifukwa zovala za masiku amenewo zinalibe matumba.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo inaonetsa koyamba kuti chitsulo chimamvera mitengo. Kobidi loyera lija linasanduka lofiirira mu 1942, popeza nikelo inafunika ku zida zankhondo. Siliva wa m'masheleni anachepetsedwa kufika pa theka mu 1944, ndipo mu 1947 anachotsedwamo yense, m'malo mwake munalowa mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Mangalande nayenso anachita chimodzimodzi chaka chomwecho, pakuti anali ndi ngongole ya siliva imene anabwereka ku America m'nthawi ya nkhondo. Agogo anga ankati sheleni yakale ukaigwetsa pa mwala inkalira bwino, koma yatsopanoyo inali yosalankhula. Mutu wa Mfumu George VI unali womwewo, chiwerengero chinali chomwecho, koma khutu la nkhalamba linazindikira kuti chuma chachokamo.

Mu 1953 maiko atatu aja anamangidwa pamodzi m'Chitaganya, anthu akuda a kuno asakufuna. Ife a ku Ntcheu nkhani imeneyi timaidziwa bwino, chifukwa Inkosi ya Makosi Philip Gomani II anakana Chitaganyacho poyera nauza anthu ake kuti asamvere malamulo a Boma a malimidwe. Boma linamuchotsa pa mpando chaka chomwecho, ndipo anamwalira mu 1954. Ndalama za Chitaganya iye sanazione, pakuti zinatuluka mu 1955.

Kunena zoona, ndalamazo zinali zokongola. Pa theka la kobidi panali akadyansonga awiri, nyama imene m'thengo la Nyasaland simunkapezeka. Pa kobidi njovu zija. Pa tiki duwa lofiira la m'tchire. Pa sheleni mphalapala. Pa masheleni awiri nkhwazi itagwira nsomba. Ndipo pa hafukoloni chizindikiro cha Chitaganya. Koma taonani zaka zake. Sheleni, masheleni awiri ndi hafukoloni zili ndi zaka zitatu zokha, 1955, 1956 ndi 1957; pambuyo pake sizinasulidwenso. Ndalama zing'onozing'ono ndizo zinapitirira, ndipo chodabwitsa ndi chakuti alipo matiki ndi matheka a kobidi olembedwa 1964, pamene Chitaganyacho chinafa pa 31 December 1963. Dziko linatha, koma msika unali kufunabe chenji, ndipo chipala chinamenya dzina la malemu pa ndalama zatsopano.

Mutu wa Kamuzu

Ufulu utabwera pa 6 July 1964, ntchito imodzi yofulumira inali kupeza ndalama za dziko latsopano. Lamulo lokhazikitsa Reserve Bank of Malawi linapangidwa mu 1964, ndipo bankiyo inayamba ntchito ku Blantyre mu June 1965; ku Lilongwe inasamukira mu 1981. Ndalama zoyamba zolembedwa Malawi zili ndi chaka cha 1964, ndipo zinali zinayi: sikisipensi wokhala ndi tambala, sheleni yokhala ndi zisononkho za chimanga zomangidwa pamodzi, masheleni awiri okhala ndi njovu ndi mwana wake, ndi hafukoloni wokhala ndi chizindikiro cha dziko. Kumaso kwa zonsezi kunali mutu wa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Aka kanali koyamba kuti munthu wakuda wa m'dziko muno aoneke pa ndalama, ndipo akuluakulu amati anthu ena ankazengereza kugula nazo zinthu, kufuna kuziyang'anabe.

Mmisiri amene anaumba mutuwo anali Paul Vincze, wobadwira ku Hungary koma wokhala ku London, yemwenso anajambula ndalama zoyamba za Ghana. Apa pali chinthu choseketsa pang'ono: tinachotsa mutu wa Mfumukazi ya Angerezi, koma mutu wa mtsogoleri wathu unakamenyedwa m'chipala cha Mfumukazi yomweyo. Sindikunena izi monyoza. Anthu a m'dziko muno anali pafupifupi 4 miliyoni pa kalembera wa 1966, ndipo ndalama zokwanira anthu otere chipala chachikulu chimazitsiriza m'nthawi yochepa. Masikisipensi ndi masheleni a 1964 anapitirira 10 miliyoni mtundu uliwonse, ndipo ndalama ziwiri zazikuluzo zinapitirira 6 miliyoni mtundu uliwonse. Kumanga chipala chathu kukanakhala ngati kugula ng'ombe zapagoli pofuna kulima kadimba ka kuseri kwa nyumba.

Sikisipensi anasulidwanso mu 1967 ndi sheleni mu 1968, koma masheleni awiri ndi hafukoloni ali ndi chaka chimodzi chokha. Mu 1966, pamene dziko linakhala Ripabuliki, kunatuluka ndalama yaikulu ya masheleni asanu yokumbukira tsikulo. Kobidi la Malawi linachedwa kufika mpaka 1967, ndiye kuti makobidi obooka a Chitaganya anayendabe m'misika ya dziko laufulu. Mwina lathu lija linagwa m'thumba la munthu m'zaka zimenezo. Tiki wa Malawi sanasulidwepo n'komwe.

Kwacha ndi Tambala

Amene anaphunzira sukulu chisanafike chaka cha 1971 amakumbukira masamu a ndalama ndi mantha. Makobidi 12 ndiwo sheleni, masheleni 20 ndiwo paundi, kotero paundi inali makobidi 240. Mwana ankayenera kugawa ndi 12 pa mzere wina, ndi 20 pa mzere wina, ndipo chikoti chinali pafupi. South Africa anasiya kawerengedwe kameneka mu 1961, Zambia mu 1968, Rhodesia mu 1970, ndipo ife tinasiya pa 15 February 1971, tsiku lomwelo limene Mangalande mwini wake anasiya.

Kwacha imodzi inaikidwa kukhala masheleni khumi, ndiye kuti makwacha awiri anali paundi imodzi, ndipo kwacha inagawidwa m'matambala 100. Mayina onse awiri anachokera ku ndale za ufulu: "kwacha" unali mfuu wa pa misonkhano, ndipo tambala wakuda chinali chizindikiro cha Malawi Congress Party. Okonza zinthu anachita mwanzeru posasokoneza anthu. Sheleni inasanduka matambala 10 ndipo inasunga chimanga chake. Masheleni awiri anasanduka matambala 20 ndipo anasunga njovu zawo. Sikisipensi anasanduka matambala 5, koma tambala wake anamulanda nampatsa mbalame ya m'madzi ya khosi lalitali, ya mtundu wa chimeza. Tambalayo anakakhala pa ndalama yaing'ono koposa, imene inatenga dzina lake. Pa matambala awiri anaikapo kambalame ka mchira wautali. Zimene zinasowa malo ndi kobidi, limene linali lochepera tambala imodzi, ndi hafukoloni, amene akanakhala matambala 25.

Pakamwa pa anthu ndipo panachedwa kusintha. Ine ndakula ndikumva amayi akuti sheleni ponena matambala 10, ndi paundi ponena makwacha awiri, ngakhale kuti ndinabadwa paundi itatha kale.

Apa ndipo mipata ya zaka ija imalankhula momveka. Tambala imodzi ndi matambala awiri zinkaitanitsidwa kawirikawiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, chifukwa ndalama zazing'ono zimatayika msanga, ndiponso m'masiku amenewo zinali kugula zinthu. Koma matambala 5, 10 ndi 20 a 1971 anasulidwa ochuluka kotero kuti panapita zaka zoposa 15 chaka china chisanaoneke pa ndalama zimenezi m'misika. Ndalama yoyenda nthawi yonseyo osafuna kusinthidwa imasonyeza kuti inali ikadali ndi ntchito. Kusintha kumene kunachitika pakati pa zaka za m'ma 1970 kunali kwa kachilembo kamodzi: anaika kadenga pamwamba pa W kuti dzina lilembedwe Malaŵi, potsata katchulidwe kake. Amene ali ndi tambala ya 1971 ndi ina ya m'ma 1980 aziike pamodzi aone.

Mutu wa Kamuzu unakhala pa ndalama zachitsulo zaka 30, ndipo sunakalambe. Ku Mangalande chithunzi cha Mfumukazi Elizabeth chinkasinthidwa iye akamakula, monga mu 1968 ndi mu 1985, koma kuno nkhope ya 1964 ndiyo inamenyedwabe mpaka 1994.

Chitsulo ndicho chinakalamba. Kuyambira mu 1984 tambala imodzi ndi matambala awiri sizinalinso za mkuwa weniweni, koma za chitsulo wamba chokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Ndipo pofika 1989 ndalama zoyera zija nazonso zinakhala chitsulo chokutidwa ndi nikelo. Chifukwa chake n'chosavuta: kwacha ikafooka, mkuwa wa m'ndalama umadula kuposa mtengo wolembedwa pa ndalamayo, ndipo Boma limaluza pa ndalama iliyonse imene laitanitsa. Ndi maso simungasiyanitse, koma maginito sanama. Ndinatenga maginito a m'wailesi yakufa ndi kuyendetsa pamwamba pa matambala ndili pamaso pa ana. Ya 1971 inakhala chete, ya 1989 inadumpha n'kumatirira, ndipo kalasi yonse inakuwa. Mu 1986 kunabweranso ndalama ziwiri zachikasu, ya matambala 50 ndi ya kwacha imodzi yokhala ndi tambala. Kwacha, imene mu 1971 inali pepala lolemekezeka lopinda m'kampango, tsopano inali ndalama yolira m'thumba.

Tambala Achoka, Dzina Litsala

Pa 14 June 1993 anthu anaponya voti kusankha pakati pa tambala wakuda, woimira chipani chimodzi, ndi nyali, yoimira zipani zambiri. Nyali inapambana, ndipo pa chisankho cha 17 May 1994 Bakili Muluzi anakhala Pulezidenti. Ndalama za 1995 zinanena nkhani yomweyo. Mutu wa Kamuzu unachoka, ndipo tambala anachotsedwa pa tambala imodzi, m'malo mwake munalowa nsomba ziwiri za chambo. Mu 1996 kwacha imodzi inalandira nkhwazi, ndipo matambala 50 analandira mbidzi. Chimanga, njovu, chimeza ndi kambalame kaja sizinakhudzidwe, popeza zinalibe chipani. Dzina lakuti tambala nalonso linatsala, kotero kuti ana a nthawi imeneyo ankagwira ndalama yotchedwa tambala koma pali nsomba.

Ndalama zina za zaka zimenezo zili ndi mutu wa Muluzi, zina zili ndi chizindikiro cha dziko, chija cha mkango ndi kambuku, ndipo m'kupita kwa nthawi chizindikirocho ndicho chinakhazikika kumaso kwa ndalama zathu zonse zachitsulo. M'kuona kwanga ichi chinali chanzeru. M'dziko limene anthu amasankha mtsogoleri zaka zisanu zilizonse, kuika mutu wake pa chitsulo chokhala zaka makumi atatu ndiko kudzipangira ntchito ndi ndalama zolipira chipala.

Koma pamene zithunzi zinakhazikika, mtengo ndiwo unathawa. Kwacha inamasulidwa mu February 1994 kuti mtengo wake uzitsata msika, ndipo matambala ang'onoang'ono anayamba kusowa chogula. Mu January 2007 kunatuluka ndalama za K5 ndi K10 zolembedwa 2006, zopangidwa ndi zitsulo za mitundu iwiri, china pakati, china chozungulira. Pa K5 panali asodzi, pa K10 munthu akukolola m'munda. Zinali zooneka bwino koma zolemera, ndipo matumba a makabudula a ana asukulu anazidziwa. Sizinakhalitse. Mu May 2012, mwezi womwewo umene kwacha inagwetsedwa mtengo, kunabwera ndalama zing'onozing'ono zopepuka za K1, K5 ndi K10.

Ziyang'aneni bwino ndalama za 2012 zimenezi. Pa K1 pali nkhwazi, pa K5 pali chimeza, pa K10 pali njovu. Chimeza ndi chomwe chija chinali pa matambala 5 mu 1971. Chakhalabe pa nambala 5, koma mawu a pambali pake asintha kuchoka pa tambala kufika pa kwacha, ndiye kuti chakwera kazana. Njovu zinayamba pa masheleni awiri, zinapita pa matambala 20, ndipo tsopano zili pa makwacha khumi. Nyama n'zomwezo, koma zakwera makwerero pothawa madzi osefukira. Mu 1971 makwacha awiri ankagula paundi imodzi ya ku Mangalande. Mu 2024 paundi yomweyo inkafuna makwacha oposa 2,000 ku banki.

Chaka chomwecho cha 2012 chinatibweretsera ife a ku Ntcheu kanthu kena. Pa pepala la K50 panaikidwa nkhope ya Inkosi Gomani II, yemwe uja anachotsedwa pa mpando chifukwa chokana Chitaganya. Ndinaika pepalalo pambali pa kobidi lobooka ndi kuwafunsa ana kuti afotokoze chimene chikugwirizanitsa ziwirizi. Mtsikana mmodzi yekha ndiye anayankha, chifukwa agogo ake anamuuzapo.

Pa msika wa Kasinje lero kulira kwa makobidi sikumveka. Wogulitsa tomato amawerengera mitengo yake m'mazana, pepala la K5,000 linatuluka mu 2022, ndipo ambiri amalipira pa lamya ya m'manja. Si kuno kokha kumene makobidi achepa ntchito. Mu 2024 Royal Mint inalengeza kuti ikuleka kusulira maiko akunja ndalama zawo, ndipo ku Llantrisant kuja anatsegula nyumba yochotsa golide m'makina akale a magetsi. Chipala chimene chinamenya mphalapala, njovu za Chitaganya ndi mutu wa Kamuzu chatembenukira ku ntchito zina.

Makobidi a m'chitini aja tsopano tawaika pa thabwa m'kalasi ya Sitandade 6, potsata zaka zawo, ndipo pansi pa lililonse ana alemba chaka, chithunzi, ndi ngati maginito amaligwira kapena ayi. Mipata ilipo iwiri: ndalama ya masheleni asanu ya 1966 ndi theka la kobidi la akadyansonga sitinazipeze, ngakhale kuti mkulu wina wa kufupi ndi Sharpevale walonjeza kufufuza m'sutikesi ya malemu bambo ake. Ena onse tinavutika kuwamata ndi ulimbo, ndipo nthawi yotentha amagwa. Kobidi la 1957 lokha ndilo silinativute, pakuti msomali unangolowa pa chiboo chake.